Zoyeserera za chitetezo cha pa intaneti zikusowa olemba sewero

Anzanga ophunzira za kompyuta amaseka ndikamati zoyeserera za chitetezo cha pa intaneti ndi sewero. Koma ndi sewero ndithu: pamakhala wolemba nkhani, otenga mbali, ndi mdani wongopeka. Vuto ndi lakuti nkhaniyo nthawi zambiri imalembedwa ndi akatswiri a makina okhaokha, nalembera akatswiri anzawo.

Taonani Locked Shields, yomwe likulu la NATO loona za chitetezo cha pa intaneti ku Tallinn, m'dziko la Estonia, lakhala likuchititsa kuyambira mu 2010. Okonza ake anapeka dziko lotchedwa Berylia. Gulu lofiira limaukira, magulu a buluu amateteza. Chimene chimandikopa ine si makinawo ayi. Otetezawo amayeneranso kuyankha atolankhani ndi kuthetsa mafunso a zamalamulo zinthu zili mkati mowonongeka. Wolemba nkhaniyo anakumbukira kuti pa tsiku la tsoka anthu amafuna mayankho kompyuta isanadzuke.

Ku Britain anaphunzira izi mowawa mu May 2017, pamene WannaCry inatseka makompyuta m'zipatala za NHS ndipo nthawi zoonana ndi dokotala pafupifupi 19,000 zinalephereka. Ofesi ya National Audit Office inapeza kuti ndondomeko yothana ndi chiwembu chotere inalipo, koma inali isanayesedwe m'zipatala momwemo. Imelo itafa, ena anangodalira mafoni awo ndi WhatsApp. Nanga bwanji okonza zoyeserera asamayambire pomwepo? Zimitsani imelo m'mawa, osachenjeza, muone amene akudziwa nambala ya mnzake. Itanani namwino, kalaliki ndi mneneri wa bungwe, osati a IT okha.

Kwathu kuno si nkhani yachilendo. Mu February 2024 Pulezidenti Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti achiwembu analowerera makina a mapasipoti, ndipo ntchito yopereka mapasipoti inaima kwa milungu ingapo. Amene ankayang'anizana ndi anthu okwiya pa mzere anali wogwira ntchito wa pawindo, ndipo munthu ameneyu ayenera kupatsidwa mbali yake m'seweroli.

Komabe kufanana ndi zenizeni kuli ndi malire. Mu December 2020 kampani ya GoDaddy inatumizira antchito ake imelo yowalonjeza bonasi ya $650, m'chaka cha Covid-19, anthu ali pa mavuto. Inali msampha woyesa ngati angagwe m'manja mwa mbava. Amene anatsatira uthengawo anauzidwa kuti alephera mayeso, ndipo kampaniyo inapepesa pambuyo pake. Ena amati mbava zenizeni zilibe chisoni, choncho mayesowo anali oyenera. Ine ndikukana. Bungwe limafunika wantchito amene angathamange kukanena kuti wadina linki yokayikitsa, ndipo munthu amene bwana wake anamunyenga n'kumuchititsa manyazi adzangokhala duu, mbavazo zikuyendayenda m'makina kwa masiku.