Belu limene tinkadana nalo

Kwathu ku Zemba, m'boma la Chadiza, mwana akasankhidwa kupita ku boding'i, nkhani imazungulira mudzi wonse dzuwa lisanalowe. Kaya ndi ku Chadiza Secondary, kaya ku Chizongwe kapena ku St Monica's ku Chipata, anthu amangoti mwana wa auje wapita kutali. Amalume amagulitsa mbuzi, amayi amakazinga nshawa n'kusinja chimponde, ndipo pa thiranki yachitsulo amalembapo dzina ndi penti yoyera. Ife amene tinanyamulapo thiranki yotere, tikakumana lero m'tauni, nkhani zathu sizichedwa kufika pa belu.

Belulo nthawi zambiri linali rimu ya lole yopachikidwa pamtengo, ndipo prefect ankaimenya ndi chitsulo ngati ali nayo mlandu. Linkayamba kulira cha m'ma 5 koloko m'mawa, kunja kudakali mdima. Mu June, mphepo ikamaluma zala, unkadzuka ndithu, kuyala bedi, kusesa malo ako, kenako kukaima pamzere wa madzi ndi ndowa. Belu lachiwiri linali la phala, lachitatu la kalasi. Masana nsima ndi nyemba, madzulo nyemba ndi nsima, ndipo tsiku la nyama tinkalidziwa pamtima kuposa tsiku lathu lobadwa.

Tikaweruka m'kalasi tsiku linali lisanathe. Ena ankatenga zikwakwa kukatchetcha udzu, ena kukathirira repu ndi kabichi kumunda wa sukulu. Masiku ena kunali mpira, kwaya, debate, JETS kapena Scripture Union. Kukada belu linkatiitanira ku prep, maola awiri okhala chete ndi mabuku, aphunzitsi a pa duty akuyendayenda pakhonde. Loweruka tinkachapa yunifomu n'kuiyanika paudzu, wina akulondera kuti shati isasinthe mwini. Lamlungu aliyense ku mapemphero a mpingo wake.

Njala yokha inalibe belu. Inkabwera magetsi atazimitsidwa, ndipo mankhwala ake anali zigolo: shuga, madzi ozizira ndi kapu. Amene anali ndi chiwaya kapena chimponde m'thiranki sankasowa abwenzi. Pamenepo tinaphunzira kuti wodya yekha sachedwa kulira, chifukwa pakati pa temu thiranki iliyonse imapepuka. Amene unamugawira supuni ya shuga mu sabata yachiwiri ndi amene ankakubwereka sopo mu sabata ya 10.

Zonsezi timazikamba moseka, ngati asilikali obwera kunkhondo. Chimene sitikamba kawirikawiri n'chakuti belu lija linkatiwerenga. Usiku uliwonse panali munthu wamkulu, matron kapena boarding master, amene ankadziwa ngati bedi lina lilibe munthu. Ukadwala malungo, wina ankakuperekeza kuchipatala. Ukasowa ku prep, dzina lako linkaitanidwa kawiri, kachitatu n'kuyamba kukufunafuna. Panthawiyo tinkati ndi ndende. Tinazindikira mtengo wake titakula, titayang'ana bwino anzathu amene ankakhala kunja kwa mpanda.

Malo a m'boding'i ndi ochepa, ndipo si banja lililonse limene lingakwanitse ndalama zake. Choncho ana ambiri a m'midzi ya kuno kum'mawa amapita ku sekondale zoyendera. Koma sukulu ikakhala kutali moti sungapite ndi kubwera tsiku lomwelo, makamaka mitsinje ikadzaza nthawi ya dzinja, makolo amafunira mwana kachipinda pafupi ndi sukuluyo. Amenewa ndi amene timawatchula kuti ma weekly boarder. Lamlungu madzulo mumawaona pamsewu, kathumba ka ufa pamutu, kabotolo ka saladi m'manja, mwina ndi nyemba kapena mfutso pang'ono. Lachisanu amabwerera kumudzi kukatenga zina.

Taganizirani tsiku la mtsikana wa zaka 15 wokhala moteremu. Palibe womudzutsa. Akaweruka amayamba wafuna nkhuni ndi madzi, aphike, atsuke mapoto, ndipo akamatsegula buku kunja kwada kale. Prep yake ndi tochi ya foni, ngati ili ndi moto. Amagona atatu kapena anayi m'chipinda chimene chitseko chake chimatsekedwa ndi msomali wopinda. Ufa ukatha Lachitatu, kwatsala masiku awiri a njala, ndipo pamsika sipasowa mwamuna wa njinga yamoto kapena wa kantemba wonena kuti, “Mlongo, usavutike, ndilipo.” Usiku umenewo palibe amene adzaitana dzina lake.

Mtsikana wotere akatenga mimba, timathamangira kunena kuti ana a masiku ano samva. Koma ife amene tinamaliza Giredi 12 popanda vuto sitinali oyera mtima kuposa iye. Tinali ndi mpanda, chakudya chophikidwa ndi ena, ndi munthu wotiwerenga. N'zoona kuti kuyambira 1997 dziko lathu limalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Koma kubwerera kumene kumafuna womulerera mwana, ndipo kachipinda kaja kamakhala kakumudikirabe momwe kanalili. Anyamata nawonso ali ndi misampha yawo: kachasu, njuga, ndi maganyu amene amayamba ngati a Loweruka lokha, mapeto ake n'kudya sabata yonse.

Mu January 2022 boma linachotsa malipiro m'sukulu zake mpaka ku sekondale, ndipo ana ambiri amene anali atakhala pakhomo anabwerera m'kalasi. Chimenechi n'chinthu chachikulu. Koma maphunziro aulere sanabwere ndi bedi. Ndalama za boding'i zikulipiridwabe, ndipo mwana wa kutali akufunikabe pogona. Chaka chomwecho ndalama za CDF zinakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa constituency iliyonse, ndipo gawo lina ndi la ma bursary a ana ovutika opita ku boding'i. Mafomu ake amadzera ku Ward Development Committee. Vuto n'lakuti agogo amene akulera adzukulu kumudzi nthawi zina amamva za mafomuwo nthawi itatha kale, kapena amasowa wowathandiza kulemba.

Apa ndi pamene ife a m'tauni tikulowera. Ambiri a ife tili ndi mng'ono, mlongo kapena mwana wa achemwali amene akuphunzira kumudzi. Timatumiza ya yunifomu ndi nsapato pa foni, n'kumva kuti tagwira ntchito. Funso limene sitifunsa ndi lakuti, kodi iwe umagona kuti? Mwini nyumbayo ndani? Chitseko chili ndi loko? Ufa umafika Lachisanu? Loko ndi kanyale ka sola sizidula kuposa ma bundle amene timatha pa mwezi. Kuimbira mwini nyumba kamodzi pa sabata kumamudziwitsa kuti mwanayo ali ndi abale amene akumuyang'anira. Ndipo ife amene timadziwa kulemba mafomu tingathe kufunsa msanga ku ward kuti a bursary atuluka liti.

Tikapita kumudzi pa holide, tisamangofikira pa bawo ndi pamaliro pokha. Pamisonkhano imene anthu amasankha ntchito za CDF, mawu akuti dormitory ya atsikana amafuna pakamwa powatchulira, ndipo amamveka bwino akachokera kwa munthu amene anagonamo. Temu ikubwerayi, Lamlungu loyamba madzulo, ana aja adzakhalanso pamsewu ndi timatumba tawo ta ufa. Mmodzi mwa iwo ndi wa kwanu. Muimbireni usiku umenewo, mumve ngati wafika.