Mphekesera ku Sri Lanka ndi ku Malawi

Mmalawi amene wakhalitsa ku Sri Lanka amazolowera kuona anthu ovala zoyera akupita kukachisi pa tsiku la Poya, pamene mwezi uli wathunthu, kukabwereza malonjezo a Chibuda, ndipo lachinayi mwa malonjezowo ndi lopewa bodza. Chiphunzitso cha samma vaca, kutanthauza kulankhula koyenera, chimaletsanso miseche yodanitsa anthu, mawu achipongwe ndi nkhani zopanda pake. M'lemba la Chibuda lotchedwa Kalama Sutta, anthu a ku Kesaputta, amene anali atasokonezeka ndi alaliki otsutsana, analangizidwa ndi Buddha kuti asavomere nkhani chifukwa choti yamveka kawirikawiri kapena yachokera kwa mphunzitsi wolemekezeka, koma aziyesa okha ngati kuitsata kubala mavuto kapena ubwino. Pa zimene anawachenjeza pali itikira, liwu la Chipali lofanana kwambiri ndi "akuti" wa Chichewa, amene munthu amabisalamo akafuna kufalitsa nkhani popanda kuisenza.

Kumudzi ku Malawi "akuti" ameneyu ali ndi mankhwala ake, pakuti mlandu wa miseche ukafika pabwalo la mfumu, aliyense amafunsidwa kuti anamva kwa yani mpaka pakamwa poyamba patapezeka, ndipo mwini pakamwapo amalipa nkhuku kapena mbuzi. Uthenga wa pa WhatsApp ulibe bwalo lotere, komanso mphekesera yolowa m'boma lonse imaposa mphamvu za nyakwawa, monga zinaonekera mu 2017 pamene nkhani ya anamapopa inaphetsa anthu osalakwa kuchigawo chakummwera, makamaka ku Mulanje ndi ku Phalombe, mpaka bungwe la United Nations linachotsako antchito ake.

Chomvetsa chisoni nchakuti malemba akale a Chibuda aja sanateteze eni ake ku Sri Lanka. Mu February 2018 ku Ampara kunabuka chipolowe chifukwa cha bodza loti Asilamu amathira mankhwala oletsa kubereka m'chakudya, ndipo mwezi wotsatira masitolo ndi mizikiti zinaotchedwa m'boma la Kandy, mpaka akuluakulu a dziko anatseka Facebook ndi WhatsApp kwa masiku angapo. Amene amatumiza mauthenga otere kawirikawiri sadziona ngati aswa lonjezo lachinayi lija, poti sanapeke okha nkhaniyo, chimodzimodzi munthu wa ku Phalombe amene amati iye anangomva, pamene mlendo wongodutsa anali atagendedwa kale.