Mandala Osavala M'maso

Mutafunsa Mmalawi aliyense kuti mandala n'chiyani, yankho silingachedwe. Angakuuzeni kuti ndi magalasi amene agogo amavala akafuna kuwerenga kalata. Wa ku Blantyre angawonjezepo kuti Mandala ndi dzina la malo. Mbiri imati dzinali linachokera kwa John Moir, mzungu wa ku Scotland wa kampani ya African Lakes, amene anthu anamutcha choncho chifukwa cha magalasi ake, ndipo nyumba ya Mandala yomwe inamangidwa mu 1882 ikadalipo mpaka lero. Koma mandala amene ndikufuna kuti tikambirane pano ndi ena, osavala m'maso ayi. Liwuli ndi la chiyankhulo chakale cha ku India chotchedwa Sanskrit, ndipo limatanthauza chinthu chozungulira. Mawu awiriwa anangofanana kamvekedwe chabe, ubale palibe.

Mandala amenewa ndi zithunzi zimene zili ndi phata looneka bwino pakati, ndipo zina zonse, kaya mizere, kaya maluwa, kaya zifaniziro, zimazungulira phatalo mwadongosolo. Chimene chili kumanja chimakhalanso kumanzere, chimene chili kumwamba chimakhalanso kunsi. Ine ndinawadziwira m'buku la zojambulajambula la mu laibulale yathu. Chimene chinandizunguza mutu n'chakuti anthu a maiko otalikirana, osamvana chiyankhulo, osapembedza mofanana, akhala akujambula zinthu zofanana chotere kwa zaka mazanamazana. Nditaziyang'ana nthawi yaitali ndafika poganiza kuti kukongola kwake sikuchokera ku utoto kwenikweni, koma ku phata limene lagwira zonse pamodzi.

Tiyambe ndi a ku Tibet, dziko la m'mapiri a Himalaya, popeza ndiwo atchuka kwambiri. Kumeneko amonke a chipembedzo cha Chibuda amapanga mandala ndi mchenga wonyika mu utoto: woyera, wofiira, wachikasu, wobiriwira, wabuluu ndi wakuda. Poyamba amapemphera ndi kudalitsa malowo. Kenaka amalemba mizere pa thabwa lalikulu pogwiritsa ntchito chingwe chopaka choko, monga achitira mmisiri poyeza maziko a nyumba. Akatero aliyense amatenga kachitsulo kobowoka m'kati, kopyapyala kunsonga, kotchedwa chak-pur, nathiramo mchenga. Amakakwecha ndi kachitsulo kena, ndipo mchenga umatuluka pang'onopang'ono ngati kamadzi. Amayambira pakati kumapita kunja, kawirikawiri amonke anayi, yense mbali yake. Ntchitoyi imatenga masiku angapo, nthawi zina masabata. Munthu amakhala chowerama tsiku lonse, ndipo ngakhale kupuma kumene amapuma mosamala kuopa kuuluza mchenga. Apa ndiye pamene mwambi uja wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha umapherezera.

Chithunzi chimenechi si chokongoletsera chipinda. Kwa iwo ndi mapu a nyumba yachifumu yopatulika, monga ingaonekere kwa mbalame youluka pamwamba. Nyumbayo ili ndi ngodya zinayi ndi zipata zinayi: chakuvuma, chakuzambwe, chakumpoto ndi chakumwera. Kunja kwake kumakhala mikombero ingapo. Wakunja kwenikweni nthawi zambiri ndi wa malawi a moto, kutanthauza kuti munthu wofuna kulowa ayambe waotcha umbuli wake. Wina ndi wa masamba a duwa la lotus, limene limafanana ndi kakombo wa m'madambo mwathu: limamera m'matope koma limatuluka loyera. Pakati penipeni ndi pamene pamakhala amene iwo amamulemekeza. Mandala otchuka otchedwa Kalachakra, kutanthauza gudumu la nthawi, amaimira zifaniziro zopatulika zokwana 722. Wopemphera amayenda ndi maganizo kuchokera kunja, kudutsa chipata ndi chipata, mpaka kukafika pakati.

Tsono chimene chimadabwitsa alendo ndi mathero ake. Ntchito ikatha, anthu akaona n'kukhutira, mkulu wa amonke amadula mizere kudutsa pa chithunzi chija, ndipo anzake amasesa mchenga wonse kuuunjika pakati. Mitundu yonse ija imasakanikirana n'kusanduka kamulu kotuwa ngati phulusa. Mchengawo amauika m'kamtsuko nakauthira mumtsinje kuti madalitso apite ndi madzi kwa zamoyo zonse. Palibe amene amalira. Phunziro lawo ndi lakuti pansi pano palibe chokhalitsa, ndipo mtima usamamatire ngakhale ku ntchito ya manja ako omwe.

Ku India, kwawo kwa liwuli, Ahindu ali ndi chithunzi chotchedwa Sri Yantra. Ndi zithunzi 9 za nsonga zitatu zolowanalowana, zinayi zoloza kumwamba, zisanu zoloza pansi, ndipo pokumana pake zimabala tina ting'onoting'ono 43. Pakati pa zonsezi pali kadontho kamodzi kotchedwa bindu, kamene kwa iwo n'chiyambi cha zonse. Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi mwambo wa amayi a chigawo cha Tamil Nadu, kumwera kwa dzikolo. M'mamawa dzuwa lisanatuluke amasesa pakhomo, kuwazapo madzi, n'kujambula chithunzi chotchedwa kolam ndi ufa wa mpunga. Masana anthu amapondapo, nyerere ndi mbalame zimadya ufawo, ndipo mawa lake mayi uja amajambulanso china. Sapita ku sukulu ya zojambula. Mwana wamkazi amaphunzira poyang'ana dzanja la mayi ake, monga momwe alongo athu aphunzirira kuzira nyumba.

Ena sanakhutire ndi kujambula pansi, anachita kumanga. Pa chilumba cha Java ku Indonesia pali kachisi wa Chibuda wotchedwa Borobudur, womangidwa ndi miyala zaka zoposa 1,100 zapitazo. Ali ndi nsanja 9 zosanjikizana: 6 zapansi ndi za ngodya zinayi, zitatu zapamwamba ndi zozungulira. Pa zozungulirazo pali tinyumba 72 tooneka ngati mabelu, ndipo pamwamba penipeni pali kamodzi kakakulu koposa tonse. Mukamuonera m'mwamba kachisiyu ndi mandala athunthu. Woyenda ulendo wa mapemphero amazungulira nsanja iliyonse asanakwere ina, kotero kuti ulendo umene mmonke wa ku Tibet amayenda ndi maganizo, wa ku Java amauyenda ndi miyendo. Kutali ndi kumeneko, ku America, asing'anga a mtundu wa Navajo amajambulanso zithunzi zopatulika ndi mchenga, ndipo wodwala amakhazikidwa pamwamba pake. Mwambo ukatha chithunzicho amachifafaniza. Iwo sachitcha mandala, ali ndi dzina lawo ndi chikhulupiriro chawo, koma diso limaona ubale.

Mwina wina afunsa: nanga zimenezi zikutikhudza bwanji ife Akatolika? Tingoyang'ana m'nyumba mwathu momwe. Matchalitchi akuluakulu akale a ku Ulaya ali ndi mazenera ozungulira a magalasi a mitundumitundu, ooneka ngati duwa lotambasuka. Pa tchalitchi cha Notre-Dame ku Paris, zenera lotere la mbali ya kumpoto linapangidwa cha m'ma 1250, ndipo kutambalala kwake ndi pafupifupi mamita 13. Pakati pali Amayi Maria atanyamula Mwana Yesu, ndipo mozungulira muli aneneri, mafumu, oweruza ndi akulu a ansembe a m'Chipangano Chakale, onse monga anthu odikira Mpulumutsi. Pamene tchalitchichi chinapsa pa 15 April 2019, zenerali linapulumuka. Amenewa tingati ndi mandala m'matanthauzo onse awiri, pakuti ndi agalasi ndithu. Palinso Hildegard Woyera wa ku Bingen m'dziko la Germany, sisitere amene anakhala ndi moyo kuyambira 1098 mpaka 1179, yemwe Papa Benedict XVI anamulengeza kukhala Mphunzitsi wa Eklezia mu 2012. M'buku lake la Scivias muli chithunzi cha magulu a angelo ataima m'mikombero yozungulirana. Ngakhale chotengera chagolide chija chimene bambo mfumu amaikamo Ukaristia pa nthawi ya mpembedzo chili ndi mapangidwe omwewa: cheza kumbali zonse, Ambuye pakati.

Kuno kwathu tilibe mwambo wa mandala, ndipo si bwino kukakamiza dzina lachilendo pa zinthu zathu. Komabe mkombero si mlendo. Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Pakati pa zithunzi zofiira zimene amati zinajambulidwa ndi Akafula pali mikombero yolowana, wina m'kati mwa unzake, ina yotulutsa mizere ngati dzuwa. Ndipo aliyense amene anagonapo chagada m'nyumba yozungulira ya kumudzi anaona phaso zonse zikukwera kukakumana pansonga imodzi.

N'chifukwa chiyani diso limakondwa ndi zithunzi zotere? Yankho lina ndinalipeza m'bokosi langa la masamu. Tengani kampasi, jambulani mkombero. Osasintha kutanuka kwa miyendo yake, ikani nsonga pa mzere wa mkomberowo, jambulani wina, ndipo pitirizani kuika nsonga paliponse pamene mizere yakumana. Mukazungulira kasanu n'kamodzi mufika pamene munayambira, ndipo pakati patuluka duwa la masamba 6 ofanana ndendende. Palibe luso lalikulu lofunika. Chofunika n'chimodzi: nsonga ya kampasi isaterereke. Ikasuntha ngakhale pang'ono, masamba onse amapotoka, ndipo ngakhale mutapaka utoto wokwera mtengo chotani, diso lidzaona kuti pali cholakwika. Katswiri wa za maganizo a munthu wa ku Switzerland, Carl Jung, amene anamwalira mu 1961, kwa kanthawi ankajambula kachithunzi kozungulira m'mawa uliwonse. Iye anaona kuti mtima wake ukasokonezeka, kachithunzi nakonso kankasokonezeka. Anafika poganiza kuti munthu amakonda mandala chifukwa m'kati mwake akufunafuna phata loti moyo wake uzungulirepo.

Sindikunena kuti zipembedzo zonse n'chimodzimodzi. Mbuda, Mhindu ndi Mkhristu akhoza kugwira kampasi imodzi, koma amene aliyense amamuika pakati ndi wosiyana, ndipo kusiyana kumeneku si kwamasewera. Mbuda akasesa mchenga akunena kuti zonse zimapita. Ifenso pa Lachitatu la Phulusa timavomereza zomwezo pamphumi pathu, koma timapitirira n'kunena kuti alipo Mmodzi amene sapita, ndipo fumbi lathuli adzaliukitsa. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Nostra Aetate cha mu 1965, unatchula Chihindu ndi Chibuda ndi maina, nutiphunzitsa kulemekeza zabwino zimene zili mwa iwo kwinaku tikulalikabe Khristu. Choncho sindichita mantha kuyamikira kudekha kwa amonke aja. Munthu akhoza kusirira kalimidwe ka mnansi wake osasamuka pamunda pake.

Anzanga a m'seminale, tsiku lathu nalonso ndi mkombero. Belu la m'mawa, Misa, kalasi, ntchito ya kumunda, mpira, kolona, kuwerenga kwa usiku, kugona, mawa lake chimodzimodzi. Masiku ena ndimaona ngati ndikungozungulira ngati ng'ombe yomangidwa pachikhomo. Koma kuzungulira pakokha si vuto. Funso n'lakuti chikhomocho ndani? Mnyamata akhoza kusunga malamulo onse, kuimba bwino m'kwaya, kukhoza mayeso, pamene pakati pa moyo wake waikapo satifiketi, kapena ulemu umene anthu a kumudzi amapatsa wovala mkanjo, kapena mantha okhumudwitsa makolo. Kunja zonse zioneka zosalala, koma paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Funso limeneli palibe mphunzitsi angatiyankhire. Ine ndimalitenga popita kukagwada m'tchalitchi, ndipo si tsiku lililonse pamene yankho limabwera mosavuta.

Kwa inu makolo athu ndili ndi pempho limodzi. Tonse tikudziwa kuti si onse olowa m'seminale yaing'ono amene adzafike pa guwa. Ena adzazindikira kuti Mulungu akuwaitanira kwina, adzakhala aphunzitsi, alimi, madokotala ndi abambo a mabanja. Mwana wotere akabwera kunyumba ndi sutikesi yake, musanene kuti zaka zija zapita pachabe, kapena kuti fizi munaitaya m'madzi. Amonke aja amathira mchenga wawo mumtsinje ndi manja awo omwe, komabe amabwerera kwawo ali anthu odekha kuposa mmene analili poyamba. Chithunzi chapita, koma maso, manja ndi mtima zimene zinachipanga zatsala. Mnyamata amene waphunzira kuno kudzuka ndi pemphero, kugwira ntchito mosayang'aniridwa ndi kukhala mwamtendere ndi anzake a mitundu ina sanabwere chimanjamanja.

Ndipo kwa inu abambo ansembe amene mukutilera, tikupempha kuti mutilezere mtima. Ntchito imeneyi ndi ya kamchenga kamodzikamodzi, ndipo ambiri a ife tikadali pa mizere ya choko. Tithandizeni kuti nsonga ya kampasi ikhazikike pa Khristu. Mitundu ndi maluwa zidzabwera pa nthawi yake.