Sarafina wa pa siteji ndi wa m'foni mwanu ndi osiyana

Ambiri a ife tinamudziwira Sarafina pa kanema. Ena m'mavidiyo sho a pamsika, ena pa TV ya kwa aneba, ndipo lero tizidutswa take timangoyendayenda pa TikTok. Koma asanakhale filimu, Sarafina! linali sewero la pa siteji, ndipo ine ndimaona kuti kamera italowapo nkhaniyo inasintha tanthauzo, ngakhale nyimbo zina zinatsala zomwe zija.

Seweroli analemba ndi Mbongeni Ngema, Hugh Masekela n'kuthandizapo pa nyimbo. Linayamba kuonetsedwa ku Market Theatre mumzinda wa Johannesburg mu 1987, kenako ku Broadway mu 1988. Chaka cha 1987 chimenechi musachiiwale. Boma la tsankho linali litakhwimitsa malamulo, ana asukulu akutsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, Nelson Mandela atatha zaka 25 m'ndende. Ngakhale kusindikiza chithunzi chake unali mlandu. Ndiye tangoganizani, m'holo muja achinyamata akuimba ndi kuvina za tsiku limene Mandela adzatuluke, pamene panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa ngati tsikulo lidzafike. Munthu woomba m'manja pamenepo ankakhala kuti wasankha mbali. Sewero likatha ankatuluka n'kukakumana ndi apolisi enieni mumsewu.

Filimu ya Darrell Roodt inatuluka mu 1992, Mandela atamasulidwa kale pa 11 February 1990. Nyimbo ya Freedom Is Coming Tomorrow inali yomweyo, koma mawa lake linali litayamba kuoneka. Kwa ife a m'badwo uno ndiye yangosanduka nyimbo yachisangalalo basi, yovina pa zochitika za kusukulu.

Wina anena kuti imeneyo ndi ntchito ya nthawi, osati kamera. Mbali ina n'zoona. Komatu sewero la pa siteji limabadwanso usiku uliwonse. Ochita sewero amamva mmene anthu akupumira m'holo, pena amafulumira, pena amadikira kuti kuseka kuthe. Filimu ilibe khutu limenelo. Mmene anaijambulira ndi mmene idzakhalire, kaya mukuionera ku Soweto kaya pa bedi ku Area 25, mahedifoni ali m'makutu.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi nkhani ya maso. M'holo maso ndi anu. Mukafuna muyang'ana Sarafina, mukafuna muyang'ana kamnyamata kali kumapeto kwa mzere kakuvina ngati mawa kulibe. Pa siteji kalasi yonse imaonekera limodzi, ndipo ngwazi imakhala gulu. Izi zimagwirizana ndi zomwe zinachitika pa 16 June 1976, pamene ana asukulu zikwizikwi, kuphatikizapo a ku Morris Isaacson High School kumene nkhaniyi inakhazikitsidwa, anakana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans. Kamera ndiye imakusankhirani. Imayandikira nkhope ya Leleti Khumalo, n'kutembenukira kwa Whoopi Goldberg amene anasewera ngati mphunzitsi, ena onse aja n'kusanduka khamu lakumbuyo. Sindikudandaula za Whoopi ayi, filimu imafuna ndalama ndipo dzina lake linathandiza kuti igulidwe kunja. Koma nkhani ya ana ambiri inakhala nkhani ya mtsikana mmodzi ndi aphunzitsi ake.

Pali nkhani ya imfa. Pa siteji mfuti ndi phokoso chabe. Mwana akagwa, magazi mumawaika nokha m'maganizo, ndipo pamapeto wogwa uja amadzuka n'kudzawerama pamodzi ndi anzake. Kudzuka kumeneko kumanena kanthu: tafa koma tilipo. Mu filimu wakufa sadzuka. Timaona asilikali akuwombera, timaona kuzunzidwa kwa m'chitokosi, timaonanso ana omwewo akumuthira petulo wapolisi Sabela n'kumuyatsa, ndipo Sabelayo anali Ngema mwini wake. Pamenepo filimu imafunsa funso limene kuvina sikungayankhe: kodi mwana amene waotcha munthu, ufulu ukabwera adzagona bwanji? Ineyo ndimaona kuti apa kamera inalemeretsa nkhani, ngakhale inaichotsera kupepuka kwina kumene kunkapatsa anthu mphamvu.

Ndipo pali malo amodzi pamene kamera inapambana kotheratu. Sarafina akupita kukaona mayi ake, amene amagwira ntchito yam'nyumba kwa azungu. Ulendo woyamba akuwanyoza kuti amangolera ana a eni. Atatuluka m'ndende akubwereranso, wofatsa, atazindikira kuti kupirira kwa mayiwo nakonso ndi nkhondo. Mayiwo ndi Miriam Makeba, amene anakhala zaka zoposa 30 kunja osaloledwa kubwerera kwawo. Salankhula zambiri, nkhope ndiyo imagwira ntchito. Munthu wokhala mpando wakumbuyo m'holo sangaone kunjenjemera kwa mlomo koteroko. Aliyense amene mayi ake anachapapo zovala za anthu ena kuti fizi ipezeke, gawo limeneli limamulasa.

Kuno kwathu nkhaniyi ikutikhudza chifukwa masewero athu nawonso akusamukira m'mafoni. Amene munadutsa m'mipikisano ya ATEM ku sekondale mukudziwa zomwe tinkaphunzitsidwa: kweza mawu, tambasula manja, usapatse anthu msana. Zonsezo n'zoti wakumbuyo amve ndi kuona. Tsopano wina aimika foni patsogolo, ajambula, aponya pa Facebook. Mawu okweza aja amamveka ngati kukalipa, kulira kuja kumaoneka kokokomeza, ndipo m'makomenti anthu amaseka pamene m'holo anthu anali chete. Wosewera sanalakwe kanthu, ankalankhula ndi holo, osati ndi kagalasi ka m'manja.

N'chifukwa chake ndikamva gulu la zisudzo likuti likufuna kujambula sewero lake, ndimafunsa kaye kuti kamera idzaima pati, ndipo idzayang'ana ndani pamene awiri akukangana: wolankhula kapena womvetsera? Roodt anasankha nkhope ya Leleti. Akanasankha kalasi yonse, bwenzi lero tikukumbukira filimu ina, mwinanso dzina la mtsikanayo sitikanalisunga.