Kasungidwe ka malikisi pa kompyuta kasatengedwe mwachibwana

Akonzi, ndiloleni ndilankhule ndi aphunzitsi anzanga amene tayamba kusamutsa makaundula a sukulu kuchoka m'makope kupita pa kompyuta. Ndimaphunzitsa masamu ndi kompyuta pa sekondale ina yoyendera kuno ku Chiradzulu. Namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023, tonse tinaona mmene madzi ndi matope amawonongera mapepala, choncho kusamukaku ndikugwirizana nako. Nkhawa yanga ndi yoti ambiri tikuthamangira kulemba pulogalamu kapena kudzaza Excel tisanafunse kuti zinthu za mwana mmodzi tizisanja motani.

Mwana wa sukulu ali ndi zambiri zoyenera kusungidwa: dzina, tsiku lobadwa, fomu, mudzi ndi mfumu yake, nambala ya foni ya kholo, fizi yomwe walipira ndi malikisi a phunziro lililonse. Njira yoyamba kubwera m'maganizo ndi yolemba mindandanda yosiyana, wa mayina pawokha, wa malikisi pawokha, wa fizi pawokha, n'kudalira kuti wachisanu pa mayina ndiyenso wachisanu pa malikisi. Poyang'ana zimaoneka zadongosolo, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mwana mmodzi akasamuka, inu n'kumufufuta pa mndandanda umodzi wokha, onse a pansi pake amatenga malikisi a anzawo. Pa sukulu ina ndinaona mayina atasanjidwa motsatira alifabeti pomwe malikisi anasiyidwa mmene analili. Mtsikana amene ankakhoza bwino masamu anapita kwawo ndi lipoti losonyeza kuti walephera, ndipo makolo ake anayamba kukamba zoti fizi ikungowonongeka.

Njira yomwe ndinasankha ine ndi yomanga zonse za mwana mmodzi mtolo umodzi. Odziwa za mapulogalamu amautcha record. Ufanana ndi kabuku ka kuchipatala komwe mayi amanyamula popita ku sikelo: dzina, katemera ndi kulemera kwa mwana zili m'kabuku kamodzi, ndipo kulikonse kapite zimapitira limodzi. Maganizowa ndi akale. Niklaus Wirth wa ku Switzerland anaika record m'chinenero cha Pascal chomwe anatulutsa mu 1970. Ine ndimagwiritsa ntchito Python, yomwe Guido van Rossum anatulutsa mu 1991, ndipo mtolo wotere ndimaupanga ndi dictionary, momwe chinthu chilichonse chimakhala ndi dzina lake. Ukamawerenga pulogalamu n'kuona mawu oti "fizi" umadziwa chomwe ukugwira. Ukaona nambala 4 yokha umachita kuwerengera zala kuti pamalo amenewo unasungapo chiyani.

Funso lotsatira ndi loti mtolowo tiziupeza bwanji. Dzina silodalirika. M'kalasi imodzi mutha kukhala a Chisomo atatu, awiri mwa iwo a bambo a dzina limodzi, ndipo mwana yemweyo lero alemba dzina la bambo, mawa la agogo amene akumulera. N'chifukwa chake bungwe la MANEB ku Zomba limapatsa aliyense wolemba mayeso nambala yake, monganso NRB inachitira polembera anthu ziphaso za unzika mu 2017. Ine mwana aliyense ndimamupatsa nambala tsiku lomwe wafika mu Fomu 1, ndipo siisintha mpaka atachoka. Mitolo yonse ndimaisunga mu dictionary yaikulu yomwe kiyi wake ndi nambalayo, moti kompyuta imalunjika pa mwanayo osayamba yadutsa pa anzake onse.

Malikisi ndiwo amafuna kuganiza kwambiri. Ana a Fomu 3 ndi Fomu 4 satenga maphunziro ofanana, wina ali ndi Physics, wina History. Mukatsegulira phunziro lililonse malo mu mtolo wa mwana aliyense, malo ambiri amakhala opanda kanthu, ndipo wina amadzazamo 0 poganiza kuti akukonza. Komatu 0 ndi malikisi a mwana amene walemba n'kulephera zonse. Amene sanalembe chifukwa anali pa maliro kapena satenga phunzirolo alibe malikisi, ndipo 0 wongomuikira amamugwetsera pansi pa kalasi. Choncho malikisi ndimawasunga padera, mzere uliwonse uli ndi nambala ya mwana, phunziro, teremu ndi zomwe wapeza. Kulumikiza matebulo ndi nambala motere ndi maganizo a Edgar Codd wa ku IBM, a mu 1970, omwe Microsoft Access imayendera.

Palinso tinthu ting'onoting'ono tosautsa. Nambala ya foni isungeni ngati mawu, chifukwa mukaisunga ngati nambala yowerengetsera kompyuta imadula 0 woyambirira uja wa manambala a TNM ndi Airtel. Tsiku lobadwa gwirizanani kalembedwe kamodzi, popeza 03/04 kwa ife ndi 3 Epulo pomwe kwa kompyuta yotchedwa mwa chi America ndi 4 Malichi. Polakwika potere pakalowa m'kalembera wa mayeso a JCE kapena MSCE, wovutika kukonzetsa ndi mwana ndi kholo lake, pa thiransipoti yawo.

Ana anga a Fomu 3 ndimawayambitsa phunziroli kompyuta ili yozimitsa, zomwe zimatithandizanso magetsi akathima. Aliyense amadula khadi pa katoni ya sopo, n'kulembapo nambala ndi zina zonse za mnzake. Kenako timasakaniza makhadiwo, kuwasanja potsata mayina, kuwasanjanso potsata malikisi, ndipo amadzionera okha kuti palibe amene watenga za mnzake. Aphunzitsi anzanga, musanatsegule laputopu teremu ikubwerayi, khalani pansi ndi aphunzitsi aakulu ndi osunga ndalama, mulembe pa bolodi zomwe mukufuna kusunga za mwana mmodzi, mugwirizanenso nambala yomudziwira.

Mphunzitsi,
Chiradzulu