Monk, moma ndi kaponya



Mwana wanga atangoyamba ku UNZA anabwera kunyumba kuno ku Chainda ati, "Amai, manje ndine monk." Mtima unangoti phwii. Ndalama zonse za tomato zija, mwana wasiya sukulu kukalowa kwa ansembe? Anaseka mpaka misozi. Kumeneko monk ndi mnyamata wa pa yunivesite, makamaka uja alibe chibwenzi. Mtsikana ndi moma. Amene sachoka pambali pa atsikana amamuti mojo. Ngakhale nyumba zakale zogonamo amazitcha Ruins, kunena kuti mabwinja, koma muone mmene amazinyadira.

Pa Khirisimasi kunabwera mwana wa mlongo wanga, wa ku CBU ku Kitwe. Nsima isanafike pa tebulo, nkhondo inayamba. Wanga ati UNZA ndi mai, inatsegulidwa mu 1966, pamene CBU inaima payokha mu 1987 itachoka m'mimba mwa UNZA. Winayo ati mwana amatalika kuposa amai ake, inu ntchito yanu ndi kujambulitsa zithunzi pa Goma Lakes chabe. Tinaseka tonse. Nkhondo yotere ilibe magazi, chifukwa onse awiri ali mkati mwa mpanda umodzi.

Kenaka analowa mwana wa malemu mkulu wanga, fumbi mpaka m'mawondo, wachoka kukankha wilibala. Wanga anati, "Aha, kaponya wafika." Tinasekanso. Inenso ndinaseka, ndipo ichi ndicho chikundisowetsa tulo. Mnyamata uja anamwetulira, anasamba m'manja, anatenga mbale yake nakadyera panja.

Uyu ndiye amadzuka 04 koloko kunditulira mabokosi pa msewu. Pamene BP inandigoneka miyezi iwiri, ndiye anakhala pa tebulo langa, osasowetsa ngakhale ngwee. Ndalama imene monk wanga anali kudyera pa sukulu inadutsa m'manja mwa kaponya ameneyu.

Dzina la monk amalivala okha ngati jekete. La kaponya anamuveka ena, iye sanalisankhe.

Usiku ndinamukhazika pansi mwana wanga, koma ndinayamba ndi kuvomera kulakwa kwanga. Loweruka lotsatira anapita naye kukatula katundu. Anabwerako ndi matuza m'manja, ali chete. Lero amamuitana kuti "akulu". Koma mnyamata uja sanabwererebe kudzadya nafe m'nyumba, ndipo ine ndikali kudikira.

Anzanga a pa msika, ifenso tili nawo maina amene timapatsa otinyamulira katundu. Lilime lilibe fupa. Mawa m'mamawa, mufunseni dzina limene anamupatsa amai ake, mumuitane nalo.

Tsiku labwino, malonda ayende.