Ulendo wa Kunyanja Pofunafuna Ilala Yoyamba

Kwathu kuno kumapiri a ku Ntcheu nyanja timangoimva mbiri. Madzi aakulu amene ana athu amawadziŵa ndi a mumtsinje nthaŵi ya dzinja, ndipo ambiri a iwo sadaonepo ndi bwato lomwe. Nchifukwa chake anthu adaseka atamva kuti ife a gulu la achinyamata pampingo pathu tikufuna kupanga sitima ya pamadzi. Sikuti inali sitima yokwera anthu ayi. Kanali kasitima ka matabwa kotalika mafiti aŵiri okha, chifaniziro cha Ilala yoyamba imene idafikitsa amishoni a ku Scotland pa nyanja ya Malaŵi m'chaka cha 1875. Popeza mu 2025 zidakwana zaka 150 chichitikire zimenezi, tidagwirizana kuti kasitimako kadzakhale m'chipinda cha Sande Sukulu, kuti ana azimva mbiriyi akuona ndi maso.

Wotitsogolera anali mkulu wa mpingo wina, mmisiri wa matabwa amene adapuma pa ntchito. Iye anali ndi pulani ya sitima yaing'ono yoyendera nthunzi, ndipo adaikonzanso potsata zithunzi zakale za Ilala. Pulani ya sitima imakhala ndi zojambula zitatu. Choyamba chimaonetsa sitima monga muionera chammbali, chachiŵiri monga muionera muli pamwamba, ndipo chachitatu chimaonetsa maonekedwe a nthiti iliyonse, ngati kuti sitimayo mwaidula nthulinthuli monga buledi. Ilala yeniyeni inali yotalika mafiti pafupifupi 50. Tsono ife tidati fiti imodzi ya sitima yeniyeni ikhale theka la inchi pa yathu. Ntchito yake ndi yotere: mumayamba mwadula msana wa sitima, kenaka mumaimika nthiti pa msanapo, iliyonse pa nambala yake, ndipo pomaliza mumakuta nthitizo ndi timatabwa topyapyala ngati tsekera, kamodzikamodzi, pomata ndi guluu.

Kunena nkosavuta. Ife tinali ndi phuma. Mkuluyo atapita kumaliro kwa mlungu wathunthu, tidati adzatipeze titamaliza. Nthiti zina tidazidula ndi maso osayeza, ndipo nthiti ya nambala 7 itasoŵa, tidasema ina mongoganizira. Timatabwa tidakutira mbali imodzi yonse mpaka kutha, ndiye nkuyamba mbali inayo. Tsiku loyesa tidathira madzi m'bafa, ana a Sande Sukulu atatizungulira. Kasitima kathu kadapendekeka ngati nkhuku yothyoka phiko, nikayamba kumwa madzi. Ana adaseka, ife tidayamba kulozana zala, ndipo Loŵeruka lotsatira anayi a ife sadabwerenso. Mkulu uja atabwera adakatembenuzatembenuza kasitimako, nati, “Ana anga, mukupanga chinthu chimene simunachionepo. Sonkhani ya basi, tipite kunyanja.”

Tidanyamuka mbandakucha m'mwezi wa Ogasiti, anthu khumi ndi mmodzi, pamodzi ndi anayi aja, ndipo kasitima kopendekekako tidakatenga m'katoni. Titadutsa Balaka, tisanafike pa mlatho wa ku Liwonde, tidakhotera kumpoto. Dziko lidasintha msanga. Mphepo yozizira ya kwathu idatsalira m'mbuyo, ndipo m'malo mwa mapiri tidayamba kuona malambe ndi migwalangwa. Titapitirira Ulongwe, madzi a nyanja ya Malombe adayamba kung'anima kudzanja lamanja. Msungwana wina adafuula kuti tafika, koma mkulu uja adaseka nati imeneyo ndi khonde chabe, nyumba yeniyeni ili kutsogolo. Adatiuzanso kuti pamadzi omwewo ndi pamene Ilala idadutsa, pokwera mtsinje wa Shire kulinga ku nyanja yaikulu.

Ku Mangochi, kumene kale kunkatchedwa Fort Johnston, tidaima pafupi ndi nsanja ya wotchi imene idamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Anyamata adathamangira mfuti yaikulu imene ili pamenepo, yochokera pa sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 idaombera sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann pa doko la Liuli ku Tanzania. Koma mkuluyo adatiitanira pa chikumbutso china chapafupi, cha sitima ya Vipya imene idamira ndi namondwe kumpoto kwa nyanja mu 1946, nipha anthu 145. Tidakhala chete. Kasitima kathu katapendekeka tidangochita manyazi pamaso pa ana. Sitima yeniyeni ikapendekeka, midzi imakhala ndi maliro. Kuyambira pamenepo palibe adanenanso kuti kuyeza ndi kutaya nthaŵi.

Madzulo tidakhala m'mbali mwa Shire, tikuyang'ana madzi akutuluka m'nyanja mwakachetechete, ndipo mkuluyo adatifotokozera mbiri ya Ilala. Sitimayi idapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku London, ndipo adaitcha dzina la dziko la Ilala, m'Zambia wa lero, kumene Dr David Livingstone adamwalirira mu 1873. Inali yachitsulo, yopangidwa m'zidutswa zolumikiza ndi mabawuti, kuti izitheka kuimasula ndi kuimanganso. Wotsogolera ulendowo anali E. D. Young, ndipo pagulu lake panali Dr Robert Laws, mmisiri wa matabwa George Johnston, amisiri a injini, ndi Henry Henderson wa Church of Scotland, amene pambuyo pake adapeza malo a mishoni ya Blantyre. Adaimanga koyamba pa mathiriro a Zambezi, nakwera nayo Zambezi ndi Shire mpaka kufika pa mathithi, kumtunda kwa Chikwawa. Pamenepo madzi adawatsekera njira.

Apa mpamene nkhaniyi idatikhudza. Sitima ija adaimasula yonse, ndipo mafumu a Amakololo adasonkhanitsa amtengatenga mazanamazana. Anthu ameneŵa adasenza zitsulo pamutu ndi paphewa, mtunda wa mamailosi pafupifupi 60, m'tinjira ta miyala, dzuŵa la chilimwe likuswa mtengo. Malipiro awo anali nsalu. Aliyense akadatha kuloŵa patchire ndi katundu wake, pakuti chitsulo chinali chuma masiku amenewo. Koma atafika kumtunda kwa mathithi naŵerenga, sipadasoŵe ndi kachidutswa kamodzi komwe. Adaimanganso sitimayo, napempha malo kwa mfumu Mponda, ndipo pa 12 Okutobala 1875 Ilala idaloŵa m'nyanja, sitima yoyamba ya nthunzi pa madzi ameneŵa. Mkuluyo atamaliza adatiyang'ana nafunsa, “Nanga inu, nthiti ya nambala 7 ija idasoŵa pa mamailosi angati?” Tidaseka, koma m'mitima mudaŵaŵa, pakuti idasoŵa pakati pa tebulo ndi kabati.

M'maŵa mwake tidapita ku Monkey Bay, doko lobisika pakati pa mapiri a miyala. Kumeneko tidaona Ilala yachiŵiri, imene ambiri amaidziŵa. Nayonso idapangidwa ndi kampani ya Yarrow, koma ku Glasgow, mu 1949. Idabwera m'zidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo idayamba kuyenda panyanja mu 1951. Kutalika kwake ndi mafiti 172, kuposa katatu Ilala yoyamba. Tidaiyang'ana kuchokera kutsogolo, monga adatilangizira mkuluyo, ndipo kwa nthaŵi yoyamba tidamvetsa chojambula chachitatu cha pulani yathu. Mbali ya kumanja ndi ya kumanzere zinali zofanana ndendende, ngati mphuno ya munthu pakati pa masaya. Tidaonanso mmene mphuno ya sitima imakhalira yakuthwa kuti izing'amba madzi, mimba yake yotakasuka kuti izikhazikika, ndi kumbuyo kopyapyala kuti madzi azifika bwino pa tsigiro. Mizere imene papepala inkaoneka ngati ukonde wa kangaude idasanduka chinthu chomveka.

Kuchokera pamenepo tidakwera galimoto yaing'ono, nitidutsa m'mapiri a nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, anyani akutiyang'ana m'mbali mwa msewu. Mwadzidzidzi nyanja idatseguka patsogolo pathu, yobiriŵira ngati thambo, zilumba za Thumbi ndi Domwe zitakhala pamadzi ngati ng'ombe zogona. Uku ndi ku Cape Maclear, dzina limene Livingstone adapatsa malowo polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Eni ake amati pa Chembe. Mudziwo watambalala m'mbali mwa mchenga, usipa uli mbuu pa mathandala, amayi akutsuka mbale, ana akusambira ngati nsomba, ndipo amuna akusoka maukonde pansi pa mitengo.

Pansi pa mtengo wina tidapeza bambo wachikulire akusema bwato ndi kasemasema. Titapereka moni ndi kufotokoza za ulendo wathu, tidatulutsa kasitima kathu mwamanyazi. Iwo adakalandira ndi manja aŵiri, natsinzina diso limodzi, nakayang'ana kuchokera kumphuno. “Msana wapindika uwu, ana anga,” adatero. “Mudakuta mbali imodzi yokha poyamba, si choncho?” Tidadabwa kuti adziŵa bwanji. Adatifotokozera kuti thabwa lililonse lopindidwa limakoka, ndipo mukaika onse okoka mbali imodzi, msana umagonja. Mnyamata wina adafunsa kuti, “Nanga inu agogo, pulani yanu ili kuti?” Iwo adatulutsa chingwe chodetsedwa ndi makala, nachikoka kuchokera kumphuno ya bwato mpaka kumbuyo, nachiombetsa pa mtengowo, ndipo padatsala mzere wakuda woongoka. “Pulani yanga ndi iyi. Ndikasema kuno, ndisemanso uko, ndiye nkubwerera pa mzere. Wosema mbali imodzi amapha mwana wa mwini.” Adadandaulanso kuti mitengo ikuluikulu yosemera mabwato yasoŵa, kotero kuti ambiri tsopano akukhoma maboti a matabwa.

Dzuŵa litapendeka tidapita kukaona manda a amishoni, patsinde pa phiri, chapafupi ndi Otter Point. Ndi manda oŵerengeka chabe, pakati pa miyala ndi mitengo. Pa Cape Maclear mpamene adamwalirira Dr William Black mu 1877, ndiponso Shadrach Ngunana, mmodzi wa alaliki achikuda amene adachokera ku Lovedale ku South Africa. Malungo adavuta pamalopo, ndipo mu 1881 mishoni idasamukira ku Bandawe, kenaka ku Khondowe mu 1894. Pa zaka zonse za pa Cape Maclear, ubatizo woyamba udachitika mu 1881, wa Albert Namalambe. Woŵerenga ndi maso a dziko akadati ntchitoyo yalephera, manda achuluka kuposa obatizidwa. Koma pamalo pomwepo mpamene padaikidwa msana, ndipo nthiti zidadza pambuyo pake: Blantyre mu 1876, Mvera mu 1889, Nkhoma mu 1896, mpaka mpingo wa CCAP udamangika mu 1924, a ku Nkhoma naloŵamo mu 1926. Tidapemphera pamenepo, ndipo mmodzi wa anayi aja adapepesa anzake popanda womuuza.

Titabwerera kwathu sitidayese kuongola kasitima koyamba kaja. Tidayambiranso. Msana tidaukhomera pa thabwa lolimba kuti usasunthe, nitijambulapo mzere wapakati monga adachitira agogo a pa Chembe. Nthiti iliyonse tidaijambula papepala lopinda pakati, kuti mbali zonse ziŵiri zifanane, ndipo poiimika tidayeza ndi sikweya. Timatabwa tokutira tidayamba tativiika m'madzi otentha kuti tipindike osathyoka, nitimata kamodzi kumanja, kamodzi kumanzere, tiŵiri tokha pa tsiku. Aliyense adapatsidwa zidutswa zake zoti asunge ndi kuyankhapo: wina tsigiro, wina chumuni, wina milongoti, ndipo asungwana aŵiri adasoka matanga ndi kupota zingwe za ulusi. Padapita miyezi inayi. Zoona, kuona maso a nkhono nkudekha. Tsiku loyesa kachiŵiri, kasitima kadakhala pamadzi chilili, ndipo ana aja amene adaseka adaomba m'manja.

Pa thabwa loikapo kasitimako tidafuna kulemba maina a amishoni. Koma msungwana wina adafunsa kuti, “Nanga amene adasenza aja?” Motero pansi pa mainawo tidalembanso mzere wina wokumbukira amtengatenga amene adanyamula Ilala pa mathithi a Shire osataya kachidutswa. Kasitima kopendekeka kaja nakonso sitidakataye. Kali pambali pa kanzake, ndipo aphunzitsi a Sande Sukulu amati kamaphunzitsa kuposa kokongolako, makamaka akafika pa Genesis 6, pamene Nowa adalandira miyeso ya chingalaŵa naitsata monga adauzidwira.

Kwa inu makolo anzathu, tikuti musanyoze mwana amene akonda kusema ndi kukhomakhoma. Ntchito iyi siifuna ndalama zambiri. Zidutswa za paini zotsala kwa akalipentala, kasowo kakang'ono, mpeni, sandipepa, guluu ndi rula nzokwanira, ndipo palibe chifukwa chodulira mtengo wamoyo. Chimene mwana asoŵa kwambiri ndi munthu wamkulu wokhala naye pafupi, womuuza kuti ayezenso asanadule. Ndipo inu anyamata ndi asungwana, mukapatsidwa kanthu kakang'ono kuti musunge, kaya ndi kiyi wa tchalitchi, kaya ndi buku la zopereka, kaya ndi mng'ono wanu, kumbukirani munthu wosadziŵika dzina amene adayenda masiku angapo ndi chitsulo pamutu, osaona sitima yonse, koma nafikitsa gawo lake.